Kuyenda wapansi m'mbali mwa nyanja ku Portugal: kuchokera ku Porto Covo kukafika ku Odeceixe

Kummwera chakumadzulo kwa dziko la Portugal kuli kanjira kamene asodzi akhala akudutsamo kuyambira kalekale popita kumalo awo owedzera nsomba. Kamayenda pamwamba pa maphompho, n'kutsikira pagombe, n'kukweranso, ndipo mukamalowera kummwera nyanja ya Atlantic imakhala kudzanja lanu lamanja tsiku lonse. Eni dziko amakatcha Trilho dos Pescadores. Ndi imodzi mwa njira zoyenda wapansi za Rota Vicentina, zomwe zinatsegulidwa mu 2012. Yonse yathunthu, kuchokera ku São Torpes kufupi ndi Sines kukafika ku Lagos, tauni ya kummwera kwa Portugal, ndi makilomita pafupifupi 226 ogawidwa m'masiku 13.

Si ambiri angapeze masabata awiri a tchuthi, n'chifukwa chake malangizo awa ndi a chigawo cha masiku anayi chomwe anthu amachikonda kwambiri: Porto Covo, Vila Nova de Milfontes, Almograve, Zambujeira do Mar, Odeceixe. Makilomita ake ndi pafupifupi 75. Gwirani mfundo imodzi musanawerenge zina zonse: tsiku lililonse limathera m'tauni momwe muli bedi, shopu ndi chakudya chotentha. Simukufunika hema, mapoto kapena kamba wa mlungu wonse. Pansi pomwe mukaponde ndi mchenga, ndipo mchenga suchitira chifundo munthu wolemedwa ndi katundu.

Yambani ndi kusankha mwezi

Julayi ndi Ogasiti, pamene kwathu kukuzizira, kumeneko ndiye pachimake pa kutentha, ndipo mitengo ya mthunzi m'njirayi ndi yowerengeka. Ndi nthawi yomwenso Apwitikizi amakhamukira kunyanja, malo ogona n'kudzaza, ndalama zake n'kukwera. Oyang'anira njirayi amalangiza kuyenda pakati pa Seputembala ndi Juni. Ine ndingakusankhireni Epulo kapena kuchiyambi kwa Meyi: maluwa akutchire amakhala atayala mbali zonse, adokowe ali pazisa, dzuwa lisanafike poopsa. Okutobala nayenso ndi wabwino. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale anthu amayendabe, koma mvula ndi mphepo zimavuta, kumada msanga, ndipo malo ena ogona ndi odyera amakhala otseka.

Mapepala

Portugal ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Europe omwe mlendo amalowamo ndi viza imodzi. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa mufunika viza. Abale amene mukukhala ku Britain ndi ku Ireland, samalani apa: mayiko awiriwa sali mu Schengen, choncho nthawi zambiri chomwe chimawerengedwa ndi pasipoti yanu, osati chilolezo chanu chokhalira kumeneko. Viza mungaipemphe kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo musadikire mpaka patsale masiku ochepera 15. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, matikiti a ndege, ndi umboni wa komwe mukagone.

Pezani malo ogona musanagule china chilichonse

Mufunika malo ogona mausiku asanu: woyamba ku Porto Covo musanayambe, kenako m'tauni iliyonse mwa zinayi zotsatirazo. Yambani kufunafuna ku Almograve, chifukwa ndi kamudzi kakang'ono ndipo mabedi ake amatha msanga. Mukapeza tsiku kumeneko, masiku enawo muwakonze motsatira limenelo. M'matauni onsewa muli mahotelo aang'ono, nyumba za alendo, ndi mahositelo momwe mumalipira bedi lokha m'chipinda chogona anthu angapo, omwe ndi otsika mtengo. Funsani ngati pali khitchini ndi poyanika zovala.

Kumanga hema paliponse n'koletsedwa, kusonkha moto chimodzimodzi. Njira yonseyi ili m'dera lotetezedwa la Parque Natural do Sudoeste Alentejano e Costa Vicentina, ndipo opezeka atagona pagombe amalipitsidwa chindapusa. Amene mumakonda hema, ku Porto Covo, Milfontes ndi Zambujeira kuli malo ovomerezeka omangapo. Koma kumbukirani kuti hemayo mudzaisenza mumchenga.

Alipo anthu amene amanyamulira alendo zikwama pagalimoto kuchokera tauni ina kukasiya tauni yotsatira, inu n'kuyenda ndi kachikwama ka madzi ndi chakudya chamasana basi. Ngati msana kapena mawondo amakuvutani, palibe chochititsa manyazi pamenepo, gwiritsani ntchito. Kwa amene thupi lili bwino, ndimaona kuti kunyamula wekha kumapereka ufulu wosintha maganizo m'njira, ndiponso kumakakamiza munthu kulongeza mwanzeru.

Chikwama: apa ndiye pagona ulendo wonse

Chikwama chobereka cha malita 30 kapena 35 chikukwanira. Chikhale ndi lamba wa m'chiuno, chifukwa kulemera kuyenera kukhala pachiuno, mapewa azingochirikiza. Mukalongeza, chiyezeni pasikelo. Popanda madzi chisapitirire makilogalamu 7 kapena 8. Chikapitirira, tsitsani zonse pansi muyambirenso.

Zovala zikhale mitundu iwiri yokha: zoyendera ndi zovala madzulo. Zoyenderazo muzichapa mukangofika, choncho zikhale za nsalu youma msanga. Jinzi isiyeni kunyumba, imalemera, imanyula m'ntchafu, ndipo ikanyowa siuma. Tengani juzi yopepuka ndi jekete lotchinga mphepo ndi mvula, chifukwa pamwamba pa phompho mphepo imazizira ngakhale dzuwa likuwala. Chitenje chimodzi musachisiye: ndi chopukutira, chokhalira pamchenga, mthunzi wa masana, ndiponso chofunda usiku wozizira.

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Majombo olemera a kumapiri safunika kuno. Nsapato zopepuka zothamangira, zokhala ndi mapazi ogwira bwino pansi, zimachita bwino, bola zikhale zoti mwayenda nazo kale mtunda wautali ndiponso zosathina kuzala, poti phazi limatupa likayenda maola ambiri. Nsapato yatsopano yongochotsa m'bokosi idzakupatsani matuza tsiku loyamba lomwelo. Vuto la nsapato za timabowo tambiri ndi loti mchenga umalowa, ndiye sankhani zansalu yothithikana, kapena gulani tinsalu tija tomanga m'akakolo totchinga kukamwa kwa nsapato. Masokosi atengeni mapeyala atatu, osati athonje, chifukwa thonje limasunga thukuta ndipo khungu lonyowa limasupuka msanga. Onjezani patapata wovala madzulo kuti mapazi apume.

Zotsala ndi zazing'ono koma zofunika: chipewa chosauluka ndi mphepo, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, vaselini, mapulasitala ambiri, mankhwala anu a masiku onse, mabotolo a madzi okwana malita awiri kapena atatu, ndi jumbo yotayamo zinyalala zanu, poti m'njira mulibe mabini. Za mafutawo musaderere poganiza kuti khungu lakuda silipsa. Dzuwa la maola 7 lobwerera pamchenga ndi pamadzi limasupula mphuno, milomo ndi khosi la aliyense. Mufoni ikani mapu otha kutseguka popanda netiweki. Pa webusaiti ya Rota Vicentina pali mapu a tsiku lililonse aulere. Tengani pawabanki ndi adaputala, chifukwa masoketi a kumeneko ndi a mabowo awiri ozungulira. Khalani ndi mayuro ena m'thumba, poti timalo tating'ono todyera sitilandira khadi nthawi zonse. Ndodo zoyendera zimathandiza kwambiri mumchenga ndi potsetsereka.

Polongeza, zolemera zikhale pakati moyandikira msana, jekete ndi chakudya pamwamba, madzi pofikirika osavula chikwama. Madzi akakhala pansi pa katundu, munthu amachita ulesi kumwa.

Kutatsala mwezi umodzi kapena iwiri, yambani kuyenda mutabereka chikwama chomwecho, mutavala nsapato zomwezo. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono mpaka mufike makilomita 15 kapena 20, ndipo kamodzi yendani masiku awiri otsatizana. Tsiku lachiwiri ndi limene limaulula pomwe nsapato ikuluma.

Kafikidwe kake

Mukatera ku Lisbon, kwerani sitima yapansi panthaka pa mzere wofiira mpaka pa São Sebastião, musinthe mukwere wabuluu, mutsike pa Jardim Zoológico. Pomwepo pali depoti ya mabasi ya Sete Rios, pomwe mabasi a Rede Expressos opita ku Porto Covo amanyamukira. Ndi ulendo wa maola oposa awiri. Gulani tikiti pa intaneti masiku angapo musanafike, chifukwa kunja kwa nyengo yotentha mabasi amakhala ochepa. Porto Covo ili m'boma la Sines, kwawo kwa Vasco da Gama, uja zombo zake zinafika pa chilumba cha Mozambique mu 1498. Abale a ku Angónia ndi ku Tete mudzamasuka kwambiri kuno, poti Chipwitikizi mumachidziwa kale. Enafe tiphunzireko moni, "bom dia", ndi kuthokoza, "obrigado" kwa mwamuna wolankhula, "obrigada" kwa mkazi. Achikulire a m'midziyi amasangalala mlendo akayamba ndi moni.

Yendani kuchokera kumpoto kulowera kummwera. Mphepo ya m'derali kawirikawiri imachokera kumpoto, ndiye imakukankhani kumsana m'malo molimbana nanu. Zizindikiro za njira ndi timizere tiwiri, kobiriwira ndi kabuluu, topentedwa pa zikhomo zamatabwa ndi pamiyala. Timizereto tikapingasana, ndiye kuti uko si njira. Mukaona tofiira ndi toyera, imeneyo ndi Caminho Histórico, njira ina yodutsa kumtunda. Mukayenda mphindi 10 osaona chizindikiro, bwererani pomwe munaona chomaliza.

Tsiku loyamba: Porto Covo mpaka Vila Nova de Milfontes, makilomita 20

Ili ndiye tsiku lovuta kuposa onse, ndipo limabwera miyendo isanazolowere. Nyamukani dzuwa likungotuluka, mutagula kale buledi, tchizi, zipatso ndi mtedza dzulo lake. Dzazani mabotolo onse. Madzi apampopi ndi abwino kumwa, koma mukadutsa gombe loyang'anizana ndi chilumba cha Pessegueiro, pomwe pali linga lakale lomwe linkateteza derali kwa achifwamba apanyanja, musayembekezere mpopi kapena shopu mpaka mutayandikira Milfontes.

Kuyambira pamenepo ndi mchenga wofewa, wozama, makilomita ambiri, kudutsa magombe a Aivados ndi Malhão. Mumchenga muli kayendedwe kake. Fupikitsani mapazi. Pondani ndi phazi lonse nthawi imodzi, osakankha ndi zala, chifukwa mukakankha mchenga umathawa kumbuyo ndipo mphamvu yanu imapita nawo. Pondani m'mapazi a amene adutsa kale, pamenepo mchenga ndi wotsendereka. Mmawa mame akadalipo umakhala wolimbirako, ndicho chifukwa china chonyamukira molawirira. Musayese kusunga liwiro la pamsewu. Werengerani maola 7 kapena 8, kuphatikizapo kupuma.

Ola lililonse khalani pansi, vulani nsapato ndi masokosi, kutumulani mchenga, pukutani pakati pa zala. Mukangomva malo akutentha paphazi, imani pomwepo mumate pulasitala. Thuza limayamba choncho, ndipo mphindi zisanu zomwe mukuona ngati mukutaya zimakupulumutsani masiku atatu otsimphina.

Magombe a tsiku limeneli ndi okongola ndipo mtima udzafuna kusambira. Amene tinakulira kusamba ku Salima kapena ku Mangochi tisaiyese nyanja iyi ngati yathu ija. Madzi ake ndi ozizira chaka chonse, amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pali malo omwe madzi amakokera munthu pakati ngakhale pooneka pabata. Opulumutsa anthu amapezeka pa magombe ena okha, m'nyengo yotentha yokha. Pomwe palibe, nyowetsani mapazi basi. Ndipo musanadutse pagombe lokhala pansi pa phompho, onani ngati madzi akukwera kapena akutsika. Nambala ya ngozi ndi 112.

Tsiku lachiwiri: Milfontes mpaka Almograve, makilomita 15

Milfontes ili pamathiriro a mtsinje wa Mira, ndipo ndi tauni yaikulu pa zonsezi. Muli mafamase, masitolo aakulu ndi makina otapira ndalama, choncho chilichonse chomwe tsiku loyamba lakuonetsani kuti chikusowa, gulani kuno. Kuti mupitirire muyenera kuoloka Mira. Mungazungulire pa mlatho wa magalimoto, kapena kukwera kaboti kokafikitsa kutsidya ku Furnas, komwe kamadula makilomita angapo a pamsewu. Kabotiko sikayenda nthawi zonse, ndiye funsani pamalo mwagona madzulo ake. Kakamayenda, kwerani.

Tsikuli ndi lalifupi, lodutsa m'minda, m'zitsamba zowirira ndi timitsinje ting'onoting'ono. Amene munakhalako ku Cape Town mudzazindikira chomera china cha masamba onenepa ndi maluwa achikasu kapena apinki chomwe chayala pamchenga. Chinachokera ku South Africa, ndipo kuno chikupha zomera zachilengedwe za m'derali, zina zomwe sizipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake amapempha kuti musapatuke m'njira yoikidwa zizindikiro: zomera zotsalazo ndi zomwe zimagwira mchenga kuti mphepo isauulutse. Mukafika ku Almograve masana, chapani zovala, kwezani miyendo pakhoma, mupume.

Za chakudya: m'malesitilanti funsani "prato do dia", chakudya cha tsikulo, chomwe chimakhala chotsika mtengo. Supu wa masamba amapezeka paliponse. Buledi, maolivi ndi tchizi zomwe amaika patebulo musanaitanitse sizaulere, mukadya amawerengera. Chakudya chamadzulo chimayamba cha m'ma 7 koloko.

Tsiku lachitatu: Almograve mpaka Zambujeira do Mar, makilomita 22

Mtunda ndi wautali koma pansi ndi polimbirako. Mudutsa kadoko ka asodzi ka Lapa das Pombas, mukwere pamchenga wofiirira, mulowe m'nkhalango ya paini, mufike pamudzi wa Cavaleiro pomwe mungamwe khofi ndi kudzaza madzi. Chapafupi pali Cabo Sardão, ndi nsanja yake ya nyali yolondolera zombo yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1915.

Apa musafulumire. Kwina konse adokowe oyera amamanga zisa pamadenga, pa mapolo a magetsi ndi pansanja za matchalitchi. Pagombe ili amamanga pansonga za miyala yotuluka m'nyanja, mafunde akuswekera pansi pawo, ndipo derali limadziwika kuti ndi lokhalo padziko lapansi pomwe amachita zimenezi. Ndi mtundu womwe uja umafika kummwera kwa Africa nthawi ya dzinja. M'miyezi ya Epulo ndi Meyi mudzaona makolo akusinthana pazisa, ena akudyetsa ana. Khalani pansi patali, muwaonere muli chete.

Ndikuti patali chifukwa maphompho amenewa amagumuka. Pamwamba pamaoneka polimba pomwe pansi pake madzi ndi mphepo zinadya kale. Musaime m'mphepete kuti mujambule chithunzi, makamaka mutabereka chikwama mphepo ikuomba. Mudzaona tinjira topatuka totsikira kumiyala, ndi asodzi ataima poopsa ndi ndodo zawo zazitali, ena akukokota tinyama ta m'zigoba totchedwa percebes tomwe timagulitsidwa modula. Iwo anakulira pamenepo ndipo amadziwa mwala uliwonse. Inu tsatirani kobiriwira ndi kabuluu. Ngati mumachita chizungulire pamalo okwera, ganizirani bwino za ulendowu musanagule tikiti.

Mukatsika pa doko la Entrada da Barca, makilomita atatu omaliza ndi a m'mbali mwa msewu wa tala. Ku Zambujeira, kachalitchi ka Nossa Senhora do Mar kali pamwamba pa gombe, ndipo anthu amasonkhana pamenepo kuonera dzuwa likulowa.

Tsiku lachinayi: Zambujeira mpaka Odeceixe, makilomita pafupifupi 19

Lero ndi kukwera ndi kutsika. Njira imatsikira m'magombe ang'onoang'ono monga Alteirinhos ndi Carvalhal, n'kukweranso motsetsereka, malo ena oterera mvula ikagwa. Ndodo zija zigwira ntchito lero. Kumanzere mudzaona mashedi aakulu apulasitiki momwe amalima zipatso zogulitsa ku Europe konse. Ambiri ogwira ntchito mmenemo ndi ochokera ku Nepal, India ndi Bangladesh, anthu amene anasiya kwawo kukasaka ganyu. Mukakumana nawo m'njira kapena m'shopu, apatseni moni.

Pa Azenha do Mar, kamudzi ka asodzi, pali malo odyera nsomba ndi nkhanu odziwika kwambiri, ndipo masana pamakhala mzere. Fikani molawirira kapena khalani ndi kamba wanu. Mukachoka pamenepo mukwera chitunda chowawa, kenako muyenda pamwamba mpaka pa Ponta em Branco. Poyang'ana pansi mudzaona mtsinje wa Seixe ukuzungulira gombe la Odeceixe usanathire m'nyanja, madzi abata mbali ina, mafunde mbali inayo. Mtsinje umenewu ndiwo malire a zigawo za Alentejo ndi Algarve.

Sungani madzi ndi mphamvu, chifukwa tauni ya Odeceixe siili pagombe. Mukatsika, patsala makilomita pafupifupi anayi a msewu wa tala wotsata mtsinje, ndipo tala amawawa kumapazi omwe azolowera mchenga. Yendani moyang'anizana ndi magalimoto. Mukaoloka mlatho mwalowa m'tauni, ndipo chigayo chakale choyendera mphepo chidzakhala chikuoneka pamwamba pa phiri.

Kuchokera ku Odeceixe mabasi amabwerera ku Lisbon, ena amapita ku Lagos. Gulani tikiti madzulo omwewo, ndipo pitani mukaone pomwe basi imaima, kuti mmawa musakasake ndi chikwama kumsana. Ndege yobwerera musaiike tsiku lomwelo la basi, siyani tsiku limodzi pakati. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu ndipo tchuthi chikulola, tauni yotsatira m'njirayi ndi Aljezur, yotchuka ndi mbatata yake, ndipo kuchokera kumeneko zizindikiro zimapitirira kudzera ku Arrifana, Carrapateira, Vila do Bispo ndi Sagres mpaka ku Lagos. Chigawo chimenecho chili ndi masiku ena omwe midzi yake ndi yotalikirana, choncho pezani malo ogona musananyamuke ku Odeceixe, ndipo wonjezerani lita ina ya madzi.